Filimu ya Chaplin: zoona zake ndi zimene inamubisira

Mayi wina wanditumizira imelo atatha kuonera filimu ya 1992 yotchedwa Chaplin, ija Robert Downey Jr. anasewera ngati Charlie Chaplin, katswiri wa mafilimu oseketsa. Mafunso awo ndi awiri. Akufuna kudziwa ngati mavuto onse aja anachitikadi kapena opanga filimu anangothiramo mchere kuti ikome. Akufunsanso ngati angaionetse kwa ana awo achisodzera.

Zikomo mayi chifukwa cholemba. Pa nkhani ya umphawi filimuyi sinaname ngakhale pang'ono, koma pa nkhani ya atsikana inamuchitira chifundo Chaplin kuposa mmene ankayenera.

Chaplin anabadwa mu 1889 ku London. Makolo ake onse anali oimba m'maholo a zisangalalo. Bambo ake anali chidakwa, anasiya banja, ndipo anamwalira mu 1901 mowa utawawononga chiwindi. Ali ndi zaka 7, Charlie analowa m'nyumba yosungiramo amphawi ku Lambeth pamodzi ndi mkulu wake Sydney. Mayi ake, a Hannah, anadwala matenda a maganizo mpaka kukagonekedwa ku chipatala cha Cane Hill. Pachiyambi pa filimu paja, pomwe mawu a mayi akuzima ali pa siteji, asilikali n'kuyamba kuwakuwiza, kamwana n'kulowa kukaimba m'malo mwawo, nkhaniyo anaitenga m'buku limene Chaplin mwiniwake analemba mu 1964. Mwina simunadziwe kuti amene anasewera ngati a Hannah ndi Geraldine Chaplin, mwana wake weniweni wa Charlie. Ankasewera agogo ake omubalira bambo. Ine mbali imeneyi imandigwira mtima kuposa zonse, makamaka pomwe mnyamata akuwaperekeza mayi ake ku chipatala iwo akumuitana kuti asawasiye.

Ulendo wa ntchito yake nawonso anaulondola bwino: gulu la zisudzo zoseketsa la Fred Karno, kupita ku America, kulembedwa ntchito ndi Mack Sennett, wopanga mafilimu oseketsa, kenako mu 1914 kubadwa kwa munthu uja wa m'mafilimu ake, wa kachipewa, kandodo, nsapato zazikulu ndi thalauza lokhuthukira. Apa Richard Attenborough, amene anawongolera filimuyi, anachita zanzeru. Poyamba akutionetsa chipewa chikuwala ngati chikumuitana Chaplin. Mkonzi wa buku lake akumudula mawu kuti limenelo ndi bodza, ndiye tikuona zoona zake: munthu wothamangitsidwa ndi nthawi akungotola zovala zilizonse m'chipinda. Koma dziwani kuti mkonzi ameneyu, George Hayden, amene anasewera Anthony Hopkins, sanakhaleko. Anamupeka kuti pakhale wina wofunsa mafunso.

Tsopano pomwe ndikudandaula. Chaplin anakwatira kanayi. Mildred Harris anali ndi zaka 16 pomwe iye anali ndi 29. Lita Grey analinso ndi zaka 16, ali kale ndi pakati, iye ali ndi 35, ndipo ukwatiwo anakamangira ku Mexico mu 1924. Atasudzulana mu 1927 khoti linati Lita alandire madola 600,000, ndalama zimene nthawi imeneyo zinadzidzimutsa America yense. Oona O'Neill anali ndi zaka 18 pomwe anakwatiwa naye mu 1943, iye ali ndi 54. Filimu siyikubisa kuti maukwatiwa analipo, koma ya Lita ikungoilambalala mofulumira. Ndiponso ikutipatsa chifukwa chomukhululukira. Moira Kelly akusewera anthu awiri: Hetty Kelly, chibwenzi cha Chaplin cha paunyamata chimene chinamwalira ndi chimfine cha mu 1918, komanso Oona. Uthenga wake ndi wakuti bamboyu moyo wake wonse ankangofunafuna nkhope ya mtsikana amene anamutaya. N'zokoma kuonera, koma ine sindikuzivomereza. Awa anali ana, iye anali bambo wamkulu wa ndalama ndi dzina, ndipo chisoni cha Hetty sichifafaniza zimenezo. Ukwati wake ndi Oona unakhalitsadi mpaka imfa yake, anabereka ana 8, koma zimenezi sizimubwezera Lita utsikana wake.

Pa mlandu wa Joan Barry, mkazi amene ankati Chaplin ndiye bambo wa mwana wake, ndiye Chaplin analakwiridwa. Atayeza magazi zinaoneka kuti mwanayo sanali wake, komabe khoti linamulamula kuti azipereka chithandizo. Za FBI, bungwe la boma la America lofufuza milandu, ndi mkulu wake J. Edgar Hoover kumulondalonda pomuganizira chikomyunizimu n'zoonanso. Mu 1952, ali m'sitima yapamadzi kupita ku London kukakhazikitsa filimu yake ya Limelight, boma la America linamulanda chilolezo chobwerera. Anakakhazikika ku Switzerland, ndipo anapondanso ku America mu 1972 pokalandira mphotho yaulemu ya Oscar. Anamwalira pa Khirisimasi mu 1977.

Vuto lina la filimuyi ndi lakuti inafuna kulongedza moyo wa zaka 88 m'maola awiri ndi theka, ndiye akazi, maloya ndi andale akungolowa n'kutuluka. Nthawi yomuona Chaplin akugwira ntchito, kubwereza kachigawo kamodzi kambirimbiri mpaka kakhale bwino, ndi yochepa. Amene akuinyamula ndi Downey. Taonani pomwe akudzipanga woledzera pamaso pa Karno, miyendo ikukana, thupi likudzandira. Anapata mphotho ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA ndipo anapikisana nawo pa Oscar, ndipo zinamuyenera.

Za ana anu, mayi, filimuyi ili ndi malo angapo oonetsa akazi osavala, choncho kwa aang'ono ayi. Akuluakuluwo muonere nawo limodzi, ndipo pofika pa Mildred ndi Lita muimitse muwauze zaka za atsikanawo, chifukwa filimu siikuzitsindika. Ngati mukufuna yoonera banja lonse, sakani The Kid ya 1921. Chaplin anayamba kuikonza patangopita masiku ochepa mwana wake woyamba, Norman, atamwalira ali ndi masiku atatu okha. Mufilimuyi mulibe zolankhula, ndiye Chingerezi sichivuta aliyense, ndipo pomwe akuluakulu a boma akumukweza mwana m'galimoto kuti apite naye kosungira ana amasiye mudzaona zomwe zinamuchitikira Chaplin ku Lambeth.