Nkhondo ya Anthu ndi Zimphona Iyambe Bwanji?

Funso: Akonzi, ndikulemba nthano ya dziko longopeka momwe anthu akumenyana ndi mtundu wa zimphona za m'mapiri, koma mnzanga ataiwerenga wandiuza kuti nkhondoyo ilibe mutu. Ndiikonze bwanji?

Yankho: Mnzanuyo sanalakwitse ngati zimphona zanuzo zikupha anthu chifukwa choti ndi zoipa basi. Mitundu imamenyana polimbirana madzi, malo odyetsera ziweto kapena minda, choncho zipatseni zimphonazo chinthu chimene zikuopa kutaya. Tiyerekeze kuti anthu atseka mtsinje kumtunda kuti azithirira mbewu, ndipo mayi wa chimphona wafika pachitsime m'mamawa n'kupeza matope okhaokha, mwana wake akulira kumsana. Wowerenga akaona zimenezi sadzadziwanso mbali yoti aikire kumbuyo, ndipo nthano imakoma pamenepo.

Musaiwalenso kuti zida zamphamvu sizitsimikiza chipambano. M'chaka cha 1932 asilikali a ku Australia anatumizidwa ndi mfuti zachiwaya kukapha mbalame zazikulu zotchedwa emu, zimene zinkawononga tirigu, koma mbalamezo zinkamwazikana m'timagulu mpaka asilikaliwo anabwerera zambiri zikadali moyo.