Musathire konkire bwalo lonse, madziwo muwagwire pomwe agwera

Amayi, mwafunsa ngati n'kwabwino kuthira konkire bwalo lonse n'kuboola mpanda kuti madzi a mvula azitulukira kumsewu, poti puloti yanu ili pamtsetse. Ine ndikuti musatero ayi. Madzi mukawapirikitsa sathera pageti panu, amakalowa m'nyumba ya mnzanu wa kumunsi.

Chipata ndi mzinda wozingidwa ndi mapiri. Kale mitengo ndi udzu za m'mapirimo zinkachedwetsa madzi kuti alowe pansi. Lero mitengo tadula, nyumba zikukwera phiri, ndipo malata ndi simenti sizimwa madzi. N'chifukwa chake mvula ikatsika mwamphamvu, misewu yadothi m'makomboni ngati Mchini ndi Navutika imakumbika zigwembe, ngalande zimadzaza mchenga ndi mapulasitiki, ndipo zambiri zimakathera mu mtsinje wa Lunkhwakwa. Zimandiwawa kuona dothi lathu likupita chotero, kenako mu Okutobala zitsime n'kuphwa.

Tawerengani nokha. Milimita 1 ya mvula ikagwa pa sikweya mita 1, ndi lita 1. Denga la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, pa mvula ya mamilimita 30, limatsitsa malita 3,000. Imeneyo ndi migolo 15 ya malita 200, tsiku limodzi lokha! Kuno timalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka, ndiye denga lomwelo limatsitsa malita 100,000.

Yambani ndi magatala (ngalande zolandira madzi m'mphepete mwa denga) ndi thanki. Thanki ikadzaza, madzi osefukira apite kudzenje losazama, lotambalala ngati lichero, lomwe pansi pake mwaika miyala, m'mbali mwake nthochi kapena nzimbe. Likhale kumunsi kwa nyumba, mamita 3 kapena kuposerapo kuchoka pa maziko, komanso kutali ndi chimbudzi chokumba, chifukwa madzi akalowa m'chimbudzi chimagumuka ndipo zoipa zimafika m'zitsime.

Musanakumbe lalikulu, yesani kaye dothi lanu. Kumbani kadzenje kofika m'bondo, kadzazeni madzi, akaphwa mudzazenso. Achiwiriwo akamwerera pasanathe tsiku, malowo ndi abwino. Akangokhala ndii mpaka mkuja, ndiye kuti ndi makande kapena pansi pali thanthwe. Pamenepo dalirani thanki ndi ngalande yodzalamo udzu. Za udzudzu musade nazo nkhawa ngati madzi akuuma m'masiku awiri, chifukwa mphutsi zake zimafuna pafupifupi sabata kuti zikule.

Kumtunda kwa puloti kumbani ngalande yopingasa mtsetse, osati yotsetsereka nawo, ndipo dzalani vetiva (mtundu wa udzu) m'mphepete mwake mothithikana. Alimi akumidzi amateteza nayo minda. Mizu yake imalowa pansi mamita 2 kapena 3, ndipo dothi lokokoloka limaima kumbuyo kwake.

Poimika galimoto ikani mapeva (njerwa zoyala pansi) pamchenga ndi timiyala, m'mipata osathiramo simenti. Amisiri muwauze asadule mango kapena mtengo uliwonse womwe suli pomangapo, ndiponso malole a mchenga asamangoponda paliponse, chifukwa dothi lotsendereka sililowanso madzi.

Chibowo cha pampanda chikhalepo ndithu, cha tsiku la chimvula choopsa, koma chilunjike kungalande ya kumsewu. Kambiranani ndi a kumtunda kwanu ndi a kumunsi, ndipo pulani yanu ikamapita ku khonsolo, njira ya madziyi ionekeremo. Kukumba konse kutheretu Novembala asanafike.