Mng'alu umenewo musauseweretse achemwali

Achemwali ndaona chithunzi mwaikacho cha mng'alu wa pakhoma la nyumba yanu mpaka thupi langa lachita tsembwe, chifukwa wathu unayambanso chomwecho, kuchokera pakona ya windo kutsika mpaka pansi, ife tinangomata ndi dothi nkumati tidzakonza tikakolola. Amene akukuuzani kuti ingopakani simenti pamwamba mudikire mvula ithe khoma silinawagwerepo amenewo.

Ine ndimakhala cha kwa Kasinje kuno ku Ntcheu. Anthu amayesa anamondwe ndi nkhani ya ku Nsanje ndi Chikwawa basi, koma kuno kuchigwa cha Bwanje madzi onse akumapiri amathera kwa ife. January 2022, nthawi ya namondwe Ana uja anaononga damu la Kapichira dziko lonse nkukhala mumdima, mvula inagwa usana ndi usiku osakata. Foni inali itazima kale, kotchaja kunalibe. Bambo akunyumba anali ku Joni, ine ndili ndi ana atatu ndi apongozi anga okalamba.

Pakati pa usiku ndinamva phokoso ngati munthu akuthyola nkhuni kuseri. Ndimvekere mwina ndi mbuzi zalowa pakhonde. Kuponda pansi madzi okhaokha, ozizira, kuyatsa tochi ndinaona khoma lakuchipinda kwa ana latupa ngati mimba, pulasitala ikugwa zibenthu zibenthu ndipo mng'alu uja watseguka moti dzanja likanalowa. Wachiwiri wanga anagona pamphasa mutu atatsamiritsa kukhoma lomwelo. Sindinamudzutse ai, ndinangomugwira mwendo nkumukoka ngati thumba, wamng'ono ndamukolekera kumsana opanda ndi chitenje chomwe, wamkulu akulira akufunafuna nsapato zake zakusukulu. Kufika pachitseko sichikutseguka, felemu yapindika chifukwa nyumba yonse inali itapendama. Ndinachimenya ndi musi, sindidziwa kangati, manja anachita matuza koma ndinawaona mawa lake. Apongozi nawo akukakamira thumba la ufa ati sindingatuluke ana adya chani, ndinawakalipira tsiku limenelo mayi amene sindinawayankhepo mwano chikwatiwireni. Titangoponda panja khoma linagwa, osati mwaphokoso kwambiri ai, linangoti phwaa ngati phala, malata nkutsatira. Ndinawerenga ana mumvulamo katatu konse ndikuwagwira mitu mmodzi mmodzi. Bulangete la mwana uja tinalifukula patapita masiku awiri, pansi pa dothi lofika mmaondo.

Kutacha ndi pamene ndinaona chimene chinatipweteka. Zidina achemwali, zidina zokhazokha! Ndalama zinabwera kuchokera ku Joni za njerwa zootcha ndi simenti, mmisiri wake mlamu wathu weniweni, tinati ntchito ipite kwa wachibale ndalama isatuluke pakhomo. Iye njerwa zootcha anaika kutsogolo kokha kumene anthu amaona, kumbuyo konse zidina zomangira matope nkupaka pulasitala bwinobwino, fondeshoni yake yosafika ndi pabondo pomwe, pepala lakuda lija lotchinga chinyontho sanaike. Simenti yotsalayo inapita kuti akudziwa yekha. Ndiye anabwera kudzatizonda manja ali kumbuyo ati pepani alamu ndi mphamvu ya Mulungu iyi. Mulungu ndi amene anaumba zidinazo? Nyumba ya aneba yoyandikana nafe mvula yake yomweyo inaima njii. Nditafuna kupita nazo kwa amfumu akubanja anandiletsa ati zapachibale sitinyamulira kubwalo, mpaka lero munthuyo akumangabe nyumba za anthu ndipo tikakumana pamaliro amandipatsa moni osachita ndi manyazi omwe.

Tinakhala mkalasi pa pulayimale masabata awiri ndi mabanja ena. Maina anatilemba katatu, chimene ndinalandira ndi ndowa imodzi ndi bulangete. Chimanga chimene tinasunga chinanyowa nkuchita chuku, chimbudzi chinatitimira, ndipo tili kusukuluko akuba anatola malata asanu ndi atatu amene anali abwinobwino. Kuti tiimikenso chipinda chimodzi ndinatenga ngongole ku banki m'khonde, ndinabweza chaka chathunthu ndi geni ya tomato.

Namondwe Freddy atabwera mu March 2023, tikumva pawailesi za matope otsika phiri la Soche kukwirira anthu ku Chilobwe, ine sindinagone sabata yonse ngakhale kuno sikunafike poipa ngati kummwera. Ndinkangoyenda ndi tochi kuunika makoma.

Ndiye mverani ine. Anamondwewa amachokera kunyanja ya India kudzera ku Mozambique ndipo a zanyengo amalengeza kukadali masiku, makamaka January mpaka March muzikhala ndi kawailesi ka mabatire osadalira foni yokha. Mukamva chenjezo ana asagone mnyumbamo, apititseni kwa achibale, katundu ndi wogula. Koma nyumbanso musaisiye yokha, pakhale munthu ogona kukhitchini kapena pakhonde apo ayi mudzapeza ndi zitseko zomwe atazula. Pakadali pano gobani pulasitala pang'ono ndi chikwanje kumbuyoko muone chili mkati, zikakhala zidina khoma limenelo ligwetseni nokha lisanagwe lokha. Kumbani ngalande kuzungulira nyumba madzi asamaime mmbali mwa khoma, chifukwa chimene chimagwetsa ndi chinyontho cholowera pansi, mphepo imangomalizitsa. Ziphaso za unzika, mabuku akuchipatala a ana ndi masatifiketi mangani mujumbo mupachike pafupi ndi chitseko. Madzi akumwa muzithira kolorini kapena kuwiritsa, zimbudzi zikagwa zitsime zimaipa ndipo kolera ija ya 2022 ndi 2023 tonse tinaiona.

Za achibale pa ntchito yomanga ine ndinaleka, pezani mmisiri wachilendo mulemberane papepala ndipo simenti muzitsegula nokha thumba lililonse muli pomwepo. Ngakhale kunena zoona amene anatidyetsa masabata awiri aja ndi mkazi wa mlamu yemweyo, ankabwera ndi nsima mmawa ndi madzulo osanena kanthu, ndiye achibale musawataye mudzawafuna. Dzinanso kalembetseni msanga zikachitika ngakhale musayembekezere zambiri.

Mwana wanga uja pano ndi wamkulu ndithu koma kukangochita mdima wa mvula amakoka mphasa yake kukaika pakati pa chipinda, kukhoma sagonako. Tajambulaninso mkati mwa chipindacho muike pano tione ngati mng'aluwo wadutsa mbali zonse ziwiri, ukakhala wadutsa ana atuluke lero lomwe.