Nyale ya sola ya pakhonde ikuzima msanga: kodi ndi yowonongeka?

FUNSO: Akonzi, miyezi iwiri yapitayo ndinagula nyale ziwiri za sola zokhoma pakhoma, zija zimawala kwambiri munthu akamadutsa. Imodzi ndinaikhoma pamwamba pa chitseko cha pakhonde, ina pakhoma la kuseri kwa nyumba. Ya kuseri imayaka mpaka m'bandakucha, koma ya pakhonde imazima 10 koloko usiku isanakwane, chonsecho ndi zamtundu umodzi. Kodi anandigulitsa yowonongeka? — Mayi wowerenga magazini ino

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu, ndipo musafulumire kuibweza nyaleyo, chifukwa ndikukayikira kwambiri denga la khonde lanu. Nyale yotere imadalira panelo yaing'ono yomwe imatchaja batire masana, ndipo kuti batireyo idzaze, paneloyo imafunika kuombedwa ndi dzuwa lenileni kwa maola 6 mpaka 8. Pakhonde pamaoneka powala kwa ife anthu, koma kuwala kwa mumthunzi n'kofooka kwambiri moti batire imangolawa moto pang'ono, n'kuthera madzulo omwewo.

Pali njira yapafupi yotsimikizira zimenezi. Sinthanitsani nyale ziwirizo kwa masiku atatu adzuwa. Ngati yomwe mwaika pakhonde nayonso yayamba kuzima msanga, vuto ndi malo. Ngati vutolo latsatira nyale ija kuseri, ndiye kuti nyaleyo ndi imene ili ndi vuto, mwina batire yake ndi yofooka, ndipo muli ndi chifukwa chokwanira chokaibwezera.

Ambirife timayamba ndi kufunsa kuti mdima uli pati, pamene funso loyamba liyenera kukhala lakuti dzuwa limafika pati. Musanabowole khoma, tengani tsiku limodzi kuona mmene mthunzi wa denga, mitengo ndi mpanda ukuyendera kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kwa amene ali kumwera kwa Equator, mzere wongoyerekeza wogawa dziko lapansi pakati, khoma loyang'ana kumpoto ndilo limalandira dzuwa lambiri, makamaka m'miyezi yozizira pamene dzuwa limadutsa chotsika, ndipo kwa amene ali kumpoto kwake, khoma labwino ndi loyang'ana kumwera. Dziwaninso kuti kumadera kumene dzuwa limadutsa paliwombo masana, panelo yomwe yamatirira kukhoma imaphonya dzuwa la masanawo, n'chifukwa chake ine ndimakonda nyale zokhala ndi panelo yopendekera m'mwamba.

Poti pakhomo pamafunikadi kuwala, yankho lokhalitsa ndi nyale yomwe panelo yake ili payokha yolumikizidwa ndi waya, kuti nyale ikhale pakhonde, panelo ikhale padzuwa. Pakadali pano, onani kabatani kakuseri kwa nyale yanu: zambiri zimalola kusankha kuti izikhala yozima mpaka munthu atadutsa, ndipo zimenezi zimasunga moto kuposa kuyaka usiku wonse.

Pokhoma nyale, ikhale pamtunda wa mamita 2 mpaka 2 ndi theka kuchokera pansi, chifukwa ikakwera kwambiri sensa yake, kachipangizo kozindikira kuti pakudutsa munthu, siona bwino anthu. Bowolani mu njerwa yeniyeni, osati mumzere wa simenti womwe umanyenyeka, ndipo lowetsani mapulagi apulasitiki musanamange ma screw. Ngati khomalo limanyowa ndi mvula, onani kuti pabokosi palembedwa IP65, kutanthauza kuti fumbi silingalowe ndipo madzi opoperedwa ndi payipi sangaiwononge; yolembedwa IP44 imapirira madzi odontha ndi owazika okha.

FUNSO: Yanga imayaka ndi kuzima yokha popanda munthu wodutsa, ndipo masiku ena siyaka n'komwe. Ndichite chiyani? — Bambo wowerenga magazini ino

YANKHO: Bambo, sensa ya nyalezi imamva kutentha kwa chinthu chomwe chikuyenda, choncho galu, mphaka kapena galimoto yodutsa pamsewu zingathe kuiyatsa, ndipo kuipendeketsa pang'ono kuti iyang'ane pansi kumathandiza. Kusayaka kumachitika kawirikawiri pakakhala babu lina pafupi, chifukwa panelo ikamalandira kuwala nyaleyo imayesa kuti kunja kudakali masana. Kukada, phimbani panelo ndi chikhatho chanu: nyale ikayaka, isunthireni kutali ndi babulo. Muzipukutanso panelo ndi kansalu konyowa mwezi uliwonse, ndipo ngati nyaleyo yatha zaka ziwiri kapena zitatu, itsekuleni muone batire, poti m'nyale zambiri muli ya mtundu wa 18650 yomwe mungasinthe osataya nyale yonse.