Hanimuni ku Ilha de Moçambique: malo ndi abwino, koma Januwale ayi

Achimwene, zabwino zonse pa ukwati wa Disembalawo. Mwafunsa ngati mungatengere alamu athu ku Ilha de Moçambique, kachilumba ka kumpoto kwa Mozambique, mu Januwale, ndiponso kuti mukonze ndalama zingati. Amene akukuuzani kuti "ingopitani ku Mangochi, nyanja ndi nyanja" asiyeni, sanamve funso.

Januwale musapite. Dera limenelo ndi khomo la anamondwe. Namondwe Gombe wa mu Malichi 2022, uja anativutitsa kum'mwera kuno, anatulukira m'boma la Mossuril, tsidya chabe la chilumbacho. Dikeledi anamenya komweko mu Januwale 2025, Jude n'kubwerezanso mu Malichi. Ngakhale namondwe asabwere, nyengo imeneyo kumatentha kwa chinyezi, udzudzu uli mbwee, magetsi akathima fani n'kuima, chikondi chimachepa mphamvu. Pumulani kaye kwanu konkuno, ulendowu muuike pakati pa Juni ndi Okutobala. Kumakhala kamphepo kabwino, ndipo kuyambira cha mu Julayi anangumi amadutsa m'nyanjamo.

China chimene ojambula zithunzi za pa Facebook sanena: Ilha si malo osambira. Ndi tauni yakale yokhala pa kachilumba kotalika makilomita atatu okha, m'lifupi osapitirira theka la kilomita. Kumpoto kuli nyumba za miyala za Apwitikizi, zina zokonzedwa bwino kukhala malo ogona alendo, zina mitengo yamera m'makoma. Kum'mwera kuli Macuti, kumene anthu ambiri amakhala mothithikana, nyumba zawo zili m'munsi mwa msewu chifukwa ndi mmene munakumbidwa miyala yomangira tauni ya azunguyo. Zimbudzi n'zochepa, ndiye mbali zina za mchenga m'mamawa muziyang'ana popondapo. Ngati alamu akulota mchenga woyera ndi madzi oonekera pansi, zimenezo zili tsidya, ku Chocas Mar ndi Cabaceira Pequena, kapena pa kachilumba ka Goa kamene kali ndi nsanja younikira sitima.

Ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kutsidyako anthu amapita pa bwato la thanga, ndipo anyamata okopa alendo adzakuzungulirani tsiku loyamba lomwelo. Ife tinagwirizana ndi mmodzi, wolankhula Chingerezi chosalala, kuti atiperekeze m'mawa n'kutibweza dzuwa lisanalowe. Iye sanakwere n'komwe, anatipereka kwa eni bwato n'kutsala padoko ndi ndalama zonse. Kupita kunali bwino. Pobwerera tinapeza nyanja yaphwa, bwato lagona cham'mbali pamatope, madzi ali kutali ngati athawa. Ife a ku nyanja ya Malawi sitinazolowere zoti madzi amachoka n'kubwerera kawiri pa tsiku, koma eni bwatowo ankadziwa bwino lomwe, sananene kanthu. Tinayenda m'matope ofika m'mawondo, nsapato kumanja, tizigoba tikucheka mapazi, mayi akunyumba atakwinya chitenje osandiyankhula. Madzi atabwera mphepo inali itagona. Tinafika usiku, opanda jekete yoyandamitsa ngakhale imodzi, mwini bwato akukapa madzi ndi chigubu chodula, kenaka n'kufunanso ndalama ina poti mnyamata uja anangomupatsa ya ulendo umodzi. Choncho bwato mupezereni kudzera kumene mukugona, mufunse nthawi imene madzi aphwe tsiku limenelo, muone majekete ndi maso anu, ndipo theka la ndalama mupereke mutabwerako. Kapena ingopitani ku Chocas pa galimoto kudzera kumtunda, mukagone komweko masiku angapo. Njirayo ndi yozungulira koma simunyowa.

Chimene ndingabwererenso kukaona ndi linga la São Sebastião, kunsonga ya kumpoto. Anayamba kulimanga mu 1558, ntchito n'kutenga zaka zoposa 50, ndipo Adatchi analizinga mu 1607 ndi 1608 koma analephera kulilanda. Pitani cha m'ma 3 koloko masana dzuwa litafewa, mukwere pamwamba pa khoma pamene pali mizinga yadzimbiri, muonenso ngalande zimene ankakololera madzi a mvula kulowetsa m'zitsime zapansi. Kuseri kwa khomalo, pamwala pomwe mafunde amamenya, pali katchalitchi koyera ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, kamene amati ndi nyumba yakale kuposa zonse zomangidwa ndi azungu kum'mwera kwa dziko lapansi zimene zidakaima. N'kakang'ono, anthu ochepa chabe adzadza. Nyumba yofiira ya bwanamkubwa, Palácio de São Paulo, pano ndi yosungiramo zinthu zakale, ola limodzi likukwanani. Tauniyi inali likulu la Mozambique mpaka 1898, ndipo UNESCO inailemba m'kaundula wake wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 1991.

Muwauziretu alamu kuti mbiri yake si yokoma yonse. Pa doko limenelo pankadutsa minyanga ndi akapolo, ena ochokera mbali za nyanja yathu yomwe ino, obwera ndi amalonda achiyawo. Pali malo okumbukira otchedwa Jardim da Memória. Ena pa hanimuni safuna zoterozo, inu mukuwadziwa bwino.

Ndalama ndingonena mwachiyerekezo, mitengo imasintha. Chipinda chabwino cha awiri m'tauni ya miyala yembekezerani mametikasi (ndalama za ku Mozambique) 3,000 mpaka 6,000 usiku umodzi, zotsikirapo zilipo koma funsani za madzi ndi neti. Chakudya cha awiri pa malo odyera alendo cha m'ma 1,500. Bwato la tsiku lonse cha m'ma 2,000 kapena 3,000 mukanenerera. Nyamulani mametikasi m'thumba, makina otapira ndalama alipo koma osawadalira, ndipo kwacha yathu ikangopitirira Mandimba, tauni ya pamalire, ndi pepala chabe. Mukalawe matapa de siri-siri, ndiwo ya kamasamba ka m'mbali mwa nyanja kophikira kokonati ndi mtedza wa kashu.

Msewu ndi wautali. Kudzera pa Chiponde, kenaka Cuamba, Nampula, muwerengere masiku awiri. Sitima ya pamtunda ya Cuamba–Nampula siyenda tsiku lililonse, fufuziranitu. Kuchoka ku Nampula ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo chapa, minibasi yawo, sinyamuka isanadzaze, ndiye lawirirani. Pomaliza pali mlatho wa makilomita oposa atatu, wa galimoto imodzi, ina ikamabwera mumapatukira pambali. Pasipoti izikhala m'thumba nthawi zonse, apolisi amafunsa. Muzimveranso nkhani musananyamuke, chifukwa zigawenga za ku Cabo Delgado zinafikapo m'boma la Memba, kumpoto kwa chigawo chomwecho cha Nampula.

Anthu ambiri pachilumbapo ndi Asilamu, alamu asaiwale chitenje poyenda m'tauni, ndipo amayi odzola musiro woyera kumaso musawajambule musanapemphe. Chingerezi chimathera pa malo ogona alendo, kwinako ndi Chipwitikizi ndi Chimakuwa. Ngati mmodzi wa inu amamva Chilomwe, iyeyo ndiye azikanenerera nsomba kumsika.