Mipando itatu ya ana m'galimoto imodzi: yankho kwa mayi wa ku Mabvuku

Imelo yanu, mayi mnzanga, inandipeza Lachiwiri madzulo ndili kukhitchini, ndipo nsima inatsala pang'ono kupserera. Muli ndi mwana wa zaka zitatu, kusikelo akuuzani kuti mukuyembekezera mapasa, galimoto yanu ndi Honda Fit, ndiye mukufunsa kuti mugule galimoto yanji yoti mipando itatu ya ana ikwanemo. Koma chimene chandikhazika pansi ndi mawu amene munamalizira aja, akuti abale akunena kuti mukungofuna kumwaza ndalama, ana timafukata.

Ine ndinafukatapo. Ndiloleni ndiyambire pamenepo.

Munali mu Januwale, mvula ili pakati, mapasa anga ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Tinanyamuka kwathu ku Mufakose, kuno ku Harare, kupita ku chinkhoswe ku Chitungwiza pa kagalimoto kathu kakang'ono. Bambo a ana anali pa chiwongolero. Apongozi anga anakhala kutsogolo atafukata khanda limodzi m'chitenje, ine kumbuyo ndi linalo, ndipo chisamba wathu, wa zaka zinayi nthawi imeneyo, anaimirira pakati pa mipando yakutsogolo monga ankachitira masiku onse, akuwerenga magalimoto ofiira. Palibe amene anaona cholakwika. Umu ndi mmene tinakulira tonsefe, m'makombi ndi m'mabasi, mwana pamiyendo, katundu kumapazi.

Tili pa Seke Road, kombi imene inali kutsogolo kwathu inangoima mwadzidzidzi pakati pa msewu kuti inyamule munthu. Sitinkathamanga. Bambo anaponda mabuleki, galimoto inatsetsereka pang'ono pa tala wonyowa uja n'kuima osagunda kanthu. Kunja kunalibe ngakhale kukalika kwa penti. M'kati ndi momwe munali ngozi. Mwana anapulumuka m'manja mwa agogo ake n'kukamenyetsa chipumi pa dashibodi. Wamkulu uja anagwera pa giya, mlomo n'kung'ambika. Ine ndinamenyetsa nkhope kumbuyo kwa mpando ndili ndi mwana pachifuwa, thupi langa lonse litamupsinja.

Chimene sindidzaiwala ndi kachetechete amene anakhalapo mwana asanalire. Mwina anali masekondi atatu. Kenako analira, ndipo sindinakondwerepo ndi kulira kwa mwana ngati tsiku limenelo. Tinagona kuchipatala usiku umodzi kuti amuyang'anire, chotupa chili pachipumi ngati dzira la nkhunda. Apongozi anakhala pa benchi panja usiku wonse, chitenje chija chili m'manja, akungobwereza kuti, "Ndinamugwira ine. Ndinamugwiradi." Ndipo sankanama. Mayi amenewa analima m'mafamu a fodya zaka zambiri, ndowa ya malita 20 amaitukula yekha kuika pamutu. Ngati manja amenewo analephera, palibe manja amene angathe. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu, zimafanana ndi kugwa kuchokera pamwamba potalika mamita pafupifupi 10. Afunseni abale anuwo ngati alipo angalumphe kuchokera pamenepo khanda lili m'manja, n'kufika pansi asanalitaye.

Sabata yomweyo tinagula mipando. Apa ndi pamene vuto lanu lija linakhala langa, chifukwa itatu sinakwane kumbuyo. Iwiri inalowa, wachitatu unakhala mopendekeka, chitseko osatsekeka. Bambo a ana anati tipeze galimoto ya anthu asanu ndi awiri, nkhani ithe. Tinazungulira malo ogulitsira magalimoto a ex-Jap, ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, Loweruka ziwiri, tinapeza Toyota Wish yasiliva yonyezimira bwino, tinawerenga mipando, isanu ndi iwiri ndithu, tinalipira. Mipando ya ana tinali titaisiya kunyumba. Chikomekome cha mkuyu. Titafika pakhomo n'kuyesa, mzere wapakati uja unali wopanikiza chimodzimodzi ndi wa kagalimoto tinagulitsa kaja.

Chifukwa chake ndinadzachidziwa pambuyo pake, ndipo ndikufuna muchimvetse musanatulutse dola ndi imodzi yomwe. Ku Japan kuli gulu la magalimoto ang'onoang'ono limene malire ake a m'lifupi ndi mamita 1.7, ndiye opanga magalimoto amakonda kulekezera pa mamilimita 1,695 kuti akhale m'gululo. Honda Fit yanuyo ndi 1,695. Sienta ndi 1,695. Freed chimodzimodzi. Wish zambiri chimodzimodzi. Ngakhale Noah ndi Voxy zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 2022, zija zimaoneka ngati nyumba, m'lifupi mwake ndi momwemo. Zimatalika, denga limakwera, koma sizitambasuka. Tsono muchotsepo kukhuthala kwa zitseko. Mpando wa mwana umodzi nthawi zambiri umakhala masentimita 44 kapena kuposerapo, ndiye itatu ikufuna 132 kupita m'tsogolo, osawerengera malo oti dzanja lanu lilowe kukamanga lamba. Wogulitsa akamakuuzani kuti "seven seater, amayi", akuwerenga anthu akuluakulu amene amatha kupanikizana mapewa. Pulasitiki sapanikizika.

Mu Wish yathu ija, yomwe inali yakale ndithu, pampando wapakati panali lamba wa m'chiuno yekha, wopanda wa paphewa. Tinamusamutsira wamkulu ku mzere wachitatu. Ndiye buti inatha. Pulema ya mapasa inasowa pokhala, thumba la ufa linkakhala pamapazi anga, ndipo kuti mwanayo afike kumbuyoko tinkayenera kumasula mpando wa khanda limodzi, kupinda, kumulowetsa, kumanganso. M'mawa uliwonse, madzulo aliwonse. Ndikuuzeni zoona, chinthu chimene chimatopetsa tsiku ndi tsiku chimafika posiyidwa. Tsiku lina ndinadzipeza ndikumuuza kuti angokhala kutsogolo poti kusukulu n'pafupi. Nditamva mawu anga omwe, ndinazimitsa injini n'kukhala phee. Pa Seke Road paja tinalinso pafupi kufika.

Tinaigulitsa moluza, tinagula Noah ya anthu asanu ndi awiri, ija ili ndi mipando iwiri yoima payokha pakati ndi kanjira kodutsa. Mapasa aliyense pake, wamkulu amalowa yekha n'kudutsa pakanjirako kupita kumbuyo, ine n'kumutsatira kukamumanga. Zitseko zake n'zokoka. Amene sanayesepo kutulutsa makanda awiri pamalo oimika magalimoto m'tauni, galimoto ina itakuthinani, sangadziwe kuti chitseko chokoka ndi chifundo chotani.

Koma pali nkhani ina imene simunafunse, ndipo idzakupezani. Ife a Chichewa kuno ku Harare galimoto sikhala ya banja limodzi. Kukagwa maliro ku Tafara kapena ku Dzivarasekwa, foni yoyamba imapita kwa amene ali ndi galimoto yaikulu. Amayi a Chigwirizano akamapita ku msonkhano, ndinu. Lamulungu potuluka m'tchalitchi mumapeza anthu asanu akudikira pambali pake. Ndipo n'zabwino, sindikudandaula, makolo athu anafika kuno kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu alibe kanthu, anakhala moyo chifukwa chonyamulana. Koma mawu oyamba amene mudzamve ndi akuti, "Tangochotsani timipandoti, ana tiwafukata, tikwane tonse." Adzanena mwaulemu, adzanena akuluakulu oti simungawayankhe. Pamenepa ine ndinauma mtima, ndipo sindipepesa. Amene akwane pa mipando yotsala akwere. Otsalawo ndibwerera ulendo wachiwiri, mafuta ndi anga, kapena ndiwapatsa ya kombi. Mipando ya ana sichoka.

Anandithandiza ndani? Apongozi omwe aja. Chaka chimene tinapita kumudzi pa Khirisimasi, kudzera ku Mutoko, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka Zobue ndi Mwanza, kunabwera achibale awiri ndi zikwama usiku woti tinyamuka m'mawa. Anayamba nkhani ija yochotsa mipando. Ine ndisanatsegule pakamwa, agogo anadzuka pa mkeka n'kunena kuti, "Mipando imeneyo musaikhudze. Ngati malo palibe nditsala ndine." Nkhani inathera pomwepo. Achibale awiri aja anapita pa basi. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 600 kukafika ku Blantyre, kutentha kwa ku Tete n'kosasimbika, ana analira, tinkaima pafupipafupi kuwamasula, kuwayamwitsa, kuwapukuta thukuta. Koma galimoto ikamayenda aliyense anali pake. Mukamasankha galimoto onaninso ngati mphepo yozizira imafika kumbuyo, chifukwa mwana womangidwa pa mpando amatenthedwa msanga kuposa inu.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi izi. Zimandipweteka ndikaona galimoto yamtengo wapatali pa msewu wa Samora Machel, marimu onyezimira, masipika akugunda, mwana wa zaka ziwiri ataimirira pa mpando wakutsogolo manja ali pa dashibodi. Pamenepo vuto si umphawi. Mayi wokwera mushikashika, timagalimoto tating'ono tonyamula anthu mothithikana tija, ndi mwana kumsana ndilibe naye mawu, alibe chosankha, ndipo ndinakhalapo iyeyo. Koma munthu amene wapeza ndalama ya galimoto wapezanso ya mpando. Abambo ena amafuna galimoto yoti anzawo akaione kuntchito, yaitali, ya matayala akuluakulu, n'kumati ndi yabanja. Kutalika kumathandizadi m'maenje athuwa nthawi ya dzinja, Wish yathu inkakhula mimba pa hampu iliyonse ikadzaza. Koma kukweza khanda lili m'mpando wake kufika nalo m'mwamba muja, mayi ali ndi bala la opaleshoni, abambo sakhalapo. Pogula, mayi akhalepo, ayese yekha.

Musanapereke ndalama

Gulani kaye mipando, galimoto pambuyo. Pitani nayo yonse itatu kumene akugulitsako, muimange, mutseke zitseko, mumasule, mumangenso. Wogulitsa akakana, tulukani. Tengani tepi ya telala m'chikwama. Pisani dzanja pamene pamakumana chokhalira ndi chotsamira, mufufuze tizitsulo ta ISOFIX, tokolekapo mpando wa mwana. Magalimoto atsopano ogulitsidwa ku Japan kuyambira mu Julayi 2012 amayenera kukhala nato, koma kawirikawiri timakhala pa mipando iwiri yokha ya m'mbali mu mzere wachiwiri, kumbuyo kwenikweni mulibe. Kokani lamba aliyense mpaka kumapeto muone ngati ndi wa paphewa ndi m'chiuno, komanso ngati amagwira mukamukoka mwamphamvu. Khanda limayang'ana kumbuyo, osachepera miyezi 15 malinga ndi R129, muyezo wa chitetezo cha mipando ya ana, ndipo kupitirira apo n'kwabwino koposa. Mpando woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo pamene pali airbag yogwira ntchito, thumba la mpweya lija lofufuma pa ngozi; ikaphulika ikhoza kupha mwana.

Za mipando ya kaunjika

Ndikudziwa kuti mipando itatu yatsopano ndi ndalama zambiri, ndipo maso adzathamangira pa Facebook kapena kumsika wa ku Mbare. Mpando umene unakhalapo pa ngozi umatha kuoneka wabwinobwino uli wosweka m'kati, ndipo pulasitiki wokhalitsa padzuwa amafooka. Ngati mukugula wogwiritsidwapo ntchito, gulani kwa munthu amene mukumudziwa, amene angakuuzeni mbiri yake akukuyang'anani m'maso. Tembenuzani pansi mupeze kachizindikiro ka olenji kolembedwa R44/04 kapena R129, ndi chaka chimene unapangidwa. Zingwe zikhale zosanyotsoka. Mwana wanu wa zaka zitatuyo akadali woyenera mpando wa zingwe zakezake. Musamuthamangitsire pa booster, kampando kongomukweza kuti amange lamba wa galimoto, pofuna kupeza malo, nthawi yake idzafika, ndipo ikadzafika adzafunika lamba wa paphewa, n'kukhala pa booster mpaka atatalika masentimita 135 kapena kuposa.

Tsono galimoto yanji? Ndikanakhala inu ndikanafuna Noah kapena Voxy ya anthu asanu ndi awiri, ya kanjira pakati. Ndalama ikachepa, Freed ya anthu asanu ndi mmodzi ili ndi kanjira komweko, kungoti buti ndi yaing'ono. Sienta imamwa mafuta pang'ono, koma mipando yake yakumbuyo imapindikira pansi pa yapakati, ndiye mipando ya makanda ikamangidwa mudzavutika nayo. Ngati mukufunitsitsa ana onse atatu mu mzere umodzi, onani VW Touran ya 2015 kupita m'tsogolo kapena Sharan, zili ndi mipando itatu yosiyana pakati, uliwonse ndi ISOFIX yake, koma yambani mwafunsa makaniko wanu ndi a masipeya mu Kaguvi Street, chifukwa za Toyota zimapezeka paliponse pamene izi muyenera kufufuza. Mukamaitanitsa kunja kumbukirani lamulo la 2021 loletsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10, ndipo poti simungayese mipando pa chithunzi, pezani munthu kuno amene ali ndi mtundu womwewo muyesere mwa iye.

Musadikire mwezi wachisanu ndi chinayi. Mapasa amakonda kufulumira, anga anabwera pa sabata ya 36, ndipo ulendo wawo woyamba pa galimoto ndi wochokera kuchipatala. Ndilembereninso mundiuze m'lifupi mwa mpando wa mwana wamkuluyo ndi mipando imene mukuganiza kugulira makandawo. Ngati mungafike ku Mufakose Loweruka lina, bwerani nayo, tidzaiyese mu Noah yathu pabwalo pano, bambo akunyumba kwanu abwerenso adzamange okha.