Chifukwa chiyani musathamangire kukwera ku Mzuzu mukangovuuka m'nyanja

Mayi wina wa ku Katoto wanditumizira imelo yofunsa nkhani yomwe yandikhudza kwambiri. Akuti anapita ku Nkhata Bay kukaphunzira kubira pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya, ndipo atamaliza kubira kwachiwiri masana, mphunzitsi wawo anawalangiza kuti agone konko m'malo mokwera minibasi yobwerera ku Mzuzu tsiku lomwelo. Funso lawo ndi lakuti, kodi ulendo wosakwana makilomita 50 ungavulaze bwanji munthu amene wavuuka m'madzi ali bwinobwino?

Mayi, mphunzitsi wanuyo ananena zoona, ndipo vuto silili pa kutalika kwa msewu koma pa chitunda chimene msewuwo umakwera.

Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu chimene chinapangika pamene nthaka ya kum'mawa kwa Africa inayamba kung'ambika pang'onopang'ono zaka mamiliyoni angapo zapitazo, mbali ina n'kutitimira, ina n'kutsala pamwamba ngati mapiri. Kung'ambikaku sikunathe, n'chifukwa chake ku Karonga kunachitika zivomerezi mu Disembala 2009, ndipo ku Chiweta madzi otentha akutumphukabe kuchokera pansi pa miyala. Pamwamba pa madzi a nyanjayi pali pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, pamene malo ake akuya kwambiri, omwe ali kumpoto kwa Nkhata Bay, amafika mamita pafupifupi 700. Mzinda wathu uno wa Mzuzu uli pamwamba pa khoma la chigwacho, pa mamita oposa 1,200. Choncho mukamachoka kudoko kudzera ku Mpamba, mumakwera mamita oposa 700 mu ola limodzi lokha, ndipo makutu amene amatsekeka m'minibasi muja amakhala akukuuzani kuti mpweya wokuzungulirani ukupepuka.

Tsopano taganizirani zimene zimachitika m'thupi la munthu wobira. Pa mamita 10 alionse amene mwatsika, madzi amaonjezera kukupanikizani ndi mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse wa mumlengalenga, kotero kuti pa mamita 18, omwe ndi malire a ongoyamba kumene, thupi limapanikizidwa pafupifupi katatu poyerekeza ndi pamtunda. Mpweya wa m'silinda ndi womwewu timapumawu, ndipo magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni, imene thupi siligwiritsa ntchito. Mukapanikizidwa chotero, nayitrojeniyo imasungunukira m'magazi ndi m'minofu, ndipo imafuna maola ambiri kuti ituluke kudzera m'mapapo. Kupanikizako kukachepa mofulumira, imasanduka tinthovu m'kati mwa thupi, monga zimachitikira mukatsekula botolo la Fanta lokhutchumulidwa. N'chifukwa chake anakuphunzitsani kuvuuka pang'onopang'ono ndi kuima mphindi zitatu pa mamita 5. Koma ngakhale mutatsata zonsezi, mumafika pagombe muli ndi nayitrojeni yotsala, ndipo kukwera ku Mzuzu kumakhala ngati kupitiriza kuvuuka kuja muli pampando wa galimoto.

Malangizo amene obira amatsata asanakwere ndege amati munthu adikire maola osachepera 12 ngati wabira kamodzi, ndi maola osachepera 18 ngati wabira kangapo. Ine ndimawatsata momwemo pa msewu wathuwu, ndipo ndimaona kuti ndalama ya chipinda chogona usiku umodzi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kufa ziwalo. Palinso china chimene ambiri amaiwala: nyanja yathu payokha ili kale pamwamba kuposa mamita 300, mulingo umene obira amayamba kuwerengera nthawi yawo mosiyana ndi a kunyanja zamchere, choncho funsani ngati kompyuta yapamkono imene akubwerekani yakonzedwa moganizira zimenezi.

Ngati tsiku lina mutakwera msanga n'kuyamba kumva kuphwanya m'mapewa kapena m'zigongono, dzanzi m'miyendo, chizungulire kapena kutopa kosadziwika bwino, musaganize kuti ndi malungo chabe n'kugona. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, muwauze madokotala kuti munabira ndi silinda, mutchule kuya kumene munafika ndi ola limene munavuuka, ndipo mupemphe kuti akuikeni pa okosijeni.